Fungo la Ndalama za Madala Lajos

Broken Axle, kuseri kwa Coober Pedy
10 Ogasiti 1997

Wokondedwa Glenys,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mwana wathu Narelle. Ine kuno ndiliko, kupatula chimfine cha fumbi chomwe chandikakamira chifikireni. Mphuno zinatsekeratu, moti Col ataphika masokosi ake m'malo mwa nyama ndikhoza kudya n'kuthokoza.

Ndaikamo madola makumi asanu amene ndinapeza pokonza jenereta ya munthu wina. Uyambe walipira magetsi. Foni isiye ikhale yodulidwa choncho, pakuti ngakhale utailumikizitsa, kuno foni ili ku tauni, ulendo wa ola lathunthu pamsewu wa miyala. Ndalamayo ndinaichapira limodzi ndi ovolosi, ndinaiiwala m'thumba. Ikanakhala yapepala ija bwenzi pano ndikulira, koma yapulasitikiyi yatuluka m'sopo ikung'anima ngati yochokera kubanki. Uwaonetse abambo ako amene amati dziko lino silidziwa kupanga kanthu kupatula ubweya wa nkhosa.

Wafunsa za Col Brandt, mwini mgodi. Ntchito amaidziwa, koma kuseka amachita ngati n'kolipiritsa. Malipiro palibe monga ndinakuuzira: mwala wamtengo wapatali wa opalo ukatuluka, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi langa. Tilipo awiri basi. Ine ndimatsikira m'dzenje nditakhala pa kathabwa komangirira ku chingwe, iye amatsala pamwamba pa winchi, makina okokera chingwecho. Ndikafuna kutuluka ndimagwedeza chingwe, iye n'kundikoka. Tsiku lonse moyo wanga umakhala m'dzanja la munthu amene ndangomudziwa chaka chino, ndipo sindinazolowerebe.

Woyandikana nafe ndi madala Lajos, a ku Hungary, amene anafika kuno iwe ndi ine tikuvalabe matewera. Amakhala okha m'nyumba yokumba m'phiri, ndi kachinkhwe kobiriwira kamene amakatcha Pista. Ndalama zapulasitiki amadana nazo koopsa. Ogula miyala akabwera madalawo amati, "Pepala, apo ayi mwala wanga ubwerere m'botolo." Aliyense amadziwa kuti mapepalawo amawabisa penapake m'khoma, pamodzi ndi timibulu toyera tothamangitsa njenjete. Mayi Despina a kugolosale akuti ndalama ya madala amaizindikira ali chitsinzinire. Ine ndi mphuno zangazi sindimvako kanthu.

Ndinalonjeza kuti pa Khirisimasi ndidzakhala pakhomo, mwala utuluke usatuluke, ndipo sindinasinthe. Ndakusowa, Glen. Bedi la kuno ndi lalifupi ndipo palibe wondilanda bulangete.

Ndine wako,
Des

7 Sepitembala 1997

Wokondedwa Glenys,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Narelle chatha. Ine ndili bwino. Ulendo uno m'envulopu mulibe kanthu, usavutike n'kuikutumula. Mwala sunatuluke. Nsapato za sukulu zidikire mwezi wamawa, ndipo usalole mchimwene wako kutenga makina anga otchetchera kapinga pamtengo umene akunenawo. Kumeneko n'kuba masana dzuwa likuswa mtengo.

Lamlungu lapitali madala Lajos anandiitanira nyama ya tsabola wofiira ya kwawo. Ndinapita ndi vinyo wa m'katoni uja. Atamuona anagwira mutu ndi manja awiri.

"Inu anthu a dziko lino munapenga kalekale," anatero. "Vinyo munamuthira m'thumba la pulasitiki. Zitakukomerani mwati ndalamanso ikhale pulasitiki. Mawa tidzamva kuti mwapanga akazi apulasitiki."

Ndinatulutsa ya madola asanu n'kuwaonetsa kawindo kake. "Madala, iyi wachinyengo sangaikope. Siivunda, njenjete siziidya. Mudzaona, dziko lonse lidzatitsanzira."

"Ndalama yoonekera mkati ngati zenera la kubafa! Iwe mwana, pepala limatenga thukuta lako, fodya wako, fungo la nyumba yako. Ichi ukachipukuta ndi nsalu chaiwala mwini wake. Choka nacho apa, usandinyansire tebulo."

Vinyoyo anamwa ndithu mpaka thumba linaphwa, Pista atakhala pamutu pawo akutukwana m'chilankhulo cha kwawo. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Chifikireni kuno n'koyamba kudya ndi munthu wondifunsa dzina la mwana wanga.

Pobwerera ndinapeza Col atakhala pa mgolo, akundidikira. "Aise, m'nyumba mwa nkhalambayo mukuoneka bwanji? Bedi lili mbali iti?" Ndinayesa nthabwala, koma iye mano sanaonetse. Dizilo watsala wa pansi pa mgolo, ndipo masiku ano Col amalankhula yekha pa winchi. Lachitatu ndinagwedeza chingwe kuti ndituluke, osandikoka. Ndinakhala pansipo mpaka nyali inayamba kufiira, ndipo ndinatsala pang'ono kutulukira pa makwerero achitsulo amene timasungira ngozi. Atandikoka anati anakayang'ana matayala a galimoto. Galimotoyo imaima pambali pa dzenje pomwepo, koma zisiye.

Umupsompsone Narelle, ndipo umuuze kuti masamu sathawidwa.

Wako,
Des

5 Okutobala 1997

Glen wanga,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ine ndili bwino kuposa masiku onse. Khala pansi usanatsegule kapepala kokulungako. Ndi madola mazana asanu ndi atatu. Inde, wawerenga bwino! Col anapita ku tauni ndi timiyala tina timene akuti ankasunga, anakumana ndi wogula wochokera kunja, ndipo limeneli ndi gawo langa. Ndi zapepala zakale zija, za handiredi zotuwa. Col akuti ogula akunjawa akadali nazo zambiri m'masutikesi. Usade nkhawa, m'sitolo akulandirabe. Gula nsapato, lipira lendi, ndipo udzigulire diresi, osati kumangoganiza za ife. Imodzi ndasunga yogulira chakudya kuno.

Sabata ino sindinatsike pansi. Col anabwereka kathirakitala n'kundiuza kuti ndikwirire dzenje lakale limene lili kuseri kwa mulu wathu wa dothi, akuti lingadzagwetse munthu. Ndinadabwa, pakuti kuno maenje alipo zikwizikwi ndipo palibe amene amataya dizilo n'kukwirira, timangophunzira kusayenda chambuyo. Koma wolipira ndiye wolamula. Ndinakankhiramo dothi tsiku lonse, iye ataima poteropo akusuta. Titamaliza anandigulira mowa, chinthu chimene sanachitepo.

Chondidandaulitsa n'chimodzi. Madala Lajos anapita ku Adelaide kukachitidwa opaleshoni ya maso, osanditsanzika n'komwe. Col ndiye anawaperekeza kukakwera basi. Ine ndinamva patapita masiku, ndipo nditapita kukaona ndinapeza chitseko chosakhoma, Pista ali m'khola kukamwa kuli yasa, kambale ka madzi kali gwa. Madalawo amatha kutuluka atavala nsapato zosiyana, koma Pista samuiwala. Mwina maso anawavuta mwadzidzidzi. Kambalameko ndakatenga, kakukhala ndi ine mpaka abwere. Ukapita ku Kadina undigulire mbewu za mbalame, kuno mtengo wake ndi wa golide.

Col wagula migolo iwiri ya dizilo ndi matayala atsopano. Mwina mwayi watiyang'ana.

Wako wokukonda,
Des

26 Okutobala 1997

Glenys,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lilibe vuto.

Kalata yako ndaiwerenga kangapo. Ukuti utatsegula envulopu nyumba yonse inanunkha ngati kabati ya zovala ya malemu agogo ako, mpaka Narelle anayetsemula. Ndikudziwa unalemba moseka. Ine sindinaseke, pakuti kalatayo ndinakaitenga kupositi nditangotuluka m'golosale, ndipo tamva zimene zinachitika mmenemo.

Ndinasankha nyama ya nkhosa, nyemba za m'chitini ndi tiyi, n'kupereka handiredi yanga ija. Mayi Despina anaitenga, anaiyandikitsa pamphuno, kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali. M'kabati ya ndalama sanaiike, anailowetsa m'thumba la epuloni.

"Des, iyi waitenga kuti?"

"Ndi gawo langa, mayi."

"Gawo la chiyani?"

"La mwala."

"Oho. Mwala wonunkha bwino, eti? Nanga Lajos anapita liti ku Adelaide? Unamuona ndi maso ako akukwera basi? Paja kambalame kake kali ndi iwe."

Kumbuyo kwanga kunali Col, atagwira paketi ya fodya. Itafika nthawi yake analipira ndi fifite yapulasitiki yatsopano, n'kuwafunsa mayiwo za bondo lawo ngati palibe chimene wamva. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti chiyambireni sindinamuonepo Col akulipira ndi pepala. Dizilo, matayala, mowa, zonse pulasitiki. Mapepala onse adutsa m'manja mwa chitsiru chimodzi chotsekeka mphuno, mwamuna wako.

M'galimoto pobwerera anangoti, "Amayi aja amakonda miseche, usawalabadire." Ine ndinati inde. Ulendo wonse ndinkayang'ana manja ake pa chiwongolero.

Tsopano umvetsetse. Zimene zatsala usazigwiritse ntchito. Usapite nazo kubanki, usaziyanike pamphepo kuti fungo lichoke, ndipo usaziwotche. Uzibwezere m'envulopu yake yomwe ija ya chidindo cha kupositi, uiike m'botolo la jamu, utseke zolimba. Mchimwene wako asamve, pakamwa pake mpotseguka ngati geti la pamsika. Za lendi upemphe eni nyumba, a Pascoe, adikire, uwauze kuti ndidzawakonzera pampu yawo ulere ndikabwera.

Usandifunse zambiri m'kalata. Makalata akafika amayamba akhala m'galimoto ya Col.

Des

23 Novembala 1997

Wokondedwa Glenys,

Moni. Ndamva kuti Narelle wapambana mayeso, umuuze kuti bambo ake anyadira. Ine ndiliko. Kutentha kwayamba, kwa mtundu uja woti supuni ukaisiya padzuwa sungaigwirenso. Anthu akutseka migodi n'kumapita kunyanja monga amachitira chaka chilichonse. M'mawa uliwonse kumakhala galimoto ina imene yachoka, ndipo pofika Khirisimasi kuno kudzatsala akhwangwala okha.

Lachisanu kunabwera Stipe, mkulu wa ku Croatia amene wakhala akusewera makadi ndi madala Lajos zaka zambirimbiri. Anandipeza ndikutsuka mbale panja. Moni sanapereke.

"Ndaimbira zipatala za maso zonse za ku Adelaide," anatero. "Dzina la Lajos kulibe. Woyendetsa basi sakumukumbukira, ndipo Lajos si munthu woti ungamuiwale."

"Achimwene, ine sindikudziwa kanthu."

"Sukudziwa kanthu, koma ndalama yake ukudyera nyama. Unadya naye patebulo, iwe. Anakuphikira. Tamvera, mlendo: kuno sitikonda kuvutitsa apolisi. Maenje tili nawo okwanira."

Glen, ndinafuna kumuuza zonse. Ndinatsala pang'ono kumugwira dzanja n'kupita naye kuseri kwa mulu wathu. Koma Col anatulukira ndi makapu awiri a tiyi, akumwetulira, n'kunena kuti, "Stipe, shuga angati?" Stipe analavula pansi n'kumapita.

Col wasanduka munthu wabwino, ndipo zimenezi n'zimene zikundiopsa. Amandiphikira, amandifunsa za msana. Ndinamunamiza kuti msana wandigwira kuti ndisatsike pansi, ndipo papita masabata ndisanakhale pa kathabwa kaja. Dzulo tikudya anati, "Aise, mkazi wako ndalama zija zinamukwanira? Anazimaliza zonse?" Ndinati zonse, ngakhale imodzi sinatsale. Anapitiriza kutafuna akundiyang'ana.

Pista kulibe. Kanali katayamba kuitana ndi mawu enieni a madala, makamaka Col akalowa. Iye ankati, "Katontholetse kanthu kako." Lolemba ndinapeza khola lili pululu, kachitseko kotsegula. Mbewu zija usagulenso.

Ukufunsa chifukwa chake sindikungonyamuka. Galimoto ndi ya Col, makiyi amagona nawo m'thumba. Ndinapempha Merv, amene amatibweretsera madzi pa lole, kuti anditengeko mpaka ku tauni. Anayang'ana kumbali n'kunena kuti lole yake imanyamula madzi, siinyamula anthu. Miyezi yapitayi ankandipatsa ndudu ndisanapemphe. Kuyenda pansi m'dzuwa ili n'kudzipha. Ndiponso ndikafika kupolisi ndikanene chiyani? Amene anagula nyama ndi ndalamayo ndine. Amene anayendetsa kathirakitala kaja ndinenso.

Uzikhoma chitseko chakumbuyo, loko wake umafuna kukankha ndi bondo.

Wako nthawi zonse,
Des

9 Disembala 1997

Glenys mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli moyo nonse awiri. Ine lero ndili moyo. Ndilemba mosabisa, pakuti nthawi yozungulira yatha.

Madala Lajos sanapite ku Adelaide. Ali m'dzenje limene ndinakwirira, kuseri kwa mulu wa dothi, kumanzere kwa mgolo wofiira. Sindinaone ndi maso, koma ndikudziwa monga ndidziwira dzina langa. Col anatenga botolo lawo la miyala n'kukagulitsa, ndiye pulasitiki amene akudyayo. Mapepala a m'khoma anadziwa kuti tauni yonse iwanunkhiza, n'chifukwa chake anapatsa ine. Ndinakwirira munthu amene anandiphikira, Glen, ndikuimba mluzu pa thirakitala.

Ukangowerenga kalatayi, usadikire kuti kuche kawiri. Tenga botolo la jamu lija ndi kalata ino upite nazo kupolisi ku Kadina. Uwauze atsegule anunkhize, ndipo afunse mayi Despina ndi Stipe. Chidindo cha pa envulopu chikusonyeza tsiku, ndipo m'kalata imene inali mmenemo ndinalemba dzina la amene anandipatsa, ndisanadziwe kanthu. Umboni wanga wonse ndi umenewo. Ukachoka kupolisi usabwerere kunyumba. Utenge Narelle mupite kwa mchemwali wako ku Port Pirie, ndipo woyandikana nawo asadziwe kumene mwapita.

Pano tatsala awiri. Stipe anachoka Loweruka, ndipo amene anali kutsidya kwa msewu anyamuka dzulo. Col akuti nafenso titseke. Mawa nditsike komaliza ndikamasule mapaipi ndi kumangirira zida kuti azikoke, ndiye Lachinayi adzandiperekeza yekha kukakwera basi. Ndinati msana. Anati, "Ntchito yake ndi yopepuka, aise, ndikutsitsa pang'onopang'ono ngati dzira." Makwerero achitsulo amene ankalendewera m'dzenjemo anawachotsa sabata yatha, akuti anapeza wogula. Mfuti yake yophera akalulu, imene imakhala kuseri kwa mpando wa galimoto, tsopano ikukhala pambali pa winchi.

Ndaganiza zokana. Ndikakana adziwa kuti ndikudziwa, ndipo zithera pamwamba pomwe pano. Ndikatsika, mwina akufunadi mapaipi ake, ndi okwera mtengo. Mwina akukhulupirira kuti ndalama zinatha ndipo ine ndine chitsiru chabe. Pa uchitsirupo sakulakwitsa kwenikweni.

Merv akubwera ndi madzi masana ano. Kunditenga anakana, koma kalata sangakane, ndimupatsa mobisa pamodzi ndi madola khumi. Ndili ndi mantha, Glen, sindikubisira. Narelle umuuze kuti njinga imene ndinamulonjeza ija ndinkaikumbukira. Iwe sindinakuuze mokwanira kuti unandipirira zambiri, kuyambira tsiku limene tinataya munda.

Mwamuna wako,
Desmond

Broken Axle
11 Disembala 1997

Okondedwa Mayi Treloar,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mtsikana wanu. Simundidziwa, koma ine ndimakudziwani bwino kudzera mwa Des. Ndine Col Brandt, mnzake wa kumgodi.

Musadabwe mukapanda kumva kwa iye masabata angapo. Kwamveka mwala kumpoto, kutali ndi positi, ndipo anthu ena anamutenga dzulo mothamanga. Mukumudziwa mwamuna wanu, akamva za mwayi sayang'ana kumbuyo. Katundu wake anasiya kuno, pamodzi ndi makalata anu onse. Ndawasunga bwino, ndipo m'menemo ndi mmene ndapeza keyala yanu.

Pochoka anandiuza kuti muli ndi ndalama zina zakale zapepala zimene zikukuvutani fungo. Pepani kwambiri, kulakwa kunali kwanga. Sabata yamawa ndikupita ku Adelaide ndipo kwanuko ndi panjira. Ndidzaima ndikusinthireni ndi zapulasitiki zatsopano, ndiwonjezerepo ndi kangachepe ka Khirisimasi ka mwana. Mungondisungira m'envulopu yake momwemo. Musavutike n'kuphika, kapu ya tiyi ikwanira. Sukulu ikhala itatsekera, ndiye ndikhulupirira Narelle ndidzamupeza pakhomo, Des amamukamba tsiku lililonse.

Palinso kalata imene Des anapatsa Merv wamadzi kuti akaponye. Merv atamva kuti ndikubwera kwanuko anandipatsa ine, kuti isachedwe ndi positi ya Khirisimasi. Ndibwera nayo pamanja.

Ndine wanu,
Col Brandt